Kuzungulira kwa mapiko si umboni woti pampu ya mphepo ili bwino

Pafupifupi aliyense amene amandiyimbira foni kuti pampu ya mphepo ya pa famu yake yaleka kutulutsa madzi amayamba ndi mawu amodzimodzi akuti, "Amisiri, komatu dzulo lomweli imazungulira bwinobwino." Mawu amenewa ndatopa nawo. Mapiko amazungulira chifukwa kunja kuli mphepo, ndipo angathe kuzungulira mwezi wathunthu zikopa zokweza madzi za mu silinda ya pansi pa chitsime zitatha kale, ndodo itaduka pakati pa chitsime, kapena magiya akudyana opanda ngakhale dontho la oyilo. Mwini ng'ombe amene amayendera pampu yake poyang'ana m'mwamba ali m'galimoto sanaiyendere konse, chifukwa ntchito ya makinawa imaonekera pa paipi yothira mu thanki.

Kuyesa kwake sikufuna sukulu. Tengani ndowa ya malita 20 tsiku limene mphepo ikuwomba mosalekeza, muwerenge kuti ndodo yakwera ndi kutsika kangati kuti ndowayo idzaze, ndipo nambalayo muilembe m'kope. Mwezi wotsatira muchitenso chimodzimodzi. Nambala ikayamba kukwera ndiye kuti zikopa zikutha ndipo madzi akubwerera pansi m'malo mokwera. Ngati m'mawa pampu ikupopa kanthawi madzi asanafike, vuto lili pa valavu ya pansi, imene yasiya kutseka bwino ndipo mapaipi akukhuthuka usiku. Zonsezi ndi zotsika mtengo zikagwidwa msanga. Chitsime chikakhala cha mchenga zikopa sizichedwa kuperepeseka, ndipo wozisiya mpaka zitheretu amadzagula silinda yonse, popeza chitsulo chimayamba kukanda khoma la mkuwa la m'kati mwake.

Nkhani ya oyilo ndiye imandipweteka mutu kwambiri. Makina a mtundu uwu, kaya ndi Climax ochokera ku South Africa, Southern Cross, kapena Aermotor amene anayamba kupangidwa ku Chicago mu 1888, ambiri mwa amene tili nawo ali ndi bokosi la magiya losambira mu oyilo, ndipo opanga anafuna kuti oyiloyo azisinthidwa kamodzi pachaka. Kamodzi kokha pachaka, koma ndimapeza mabokosi amene sanatsegulidwe chichokere mzungu amene anawaimika. Ena akafuna kuchita bwino amathiramo oyilo wakuda wotsala pa thirakitala, osadziwa kuti oyilo ameneyo ali ndi mwaye ndi tizitsulo timene timatseka tinjira topititsa oyilo ku mabering'i a m'mwamba. Enanso amapakamo girisi poganiza kuti cholimba ndicho chabwino, pamene girisi sangakwere n'kuzungulira m'bokosi monga amachitira oyilo wopepuka, kotero pansi pamakhala pali nomenome koma pamwamba pali gwa. Kuno ku Mzuzu tilinso ndi vuto lathulathu, loti mvula imachedwa kusiya ndipo kamvula kowaza kamapitirira anzathu a kumwera atakolola kale. Chipewa cha bokosi chikangokhala chosamanga bwino, madzi amalowa, amakhazikika pansi n'kukankhira oyilo kunja. Mukatsegula n'kupeza oyilo akuoneka ngati tiyi wamkaka, mukhuthule yense, mutsuke bokosilo ndi parafini, kenaka muthire watsopano wa mtundu umene wopanga analamula. Nthawi yabwino yochitira zimenezi ndi kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, mwera usanayambe, ndipo tsiku lomwelo mumange mabawuti onse a nsanja ndi a mapiko.

Koma pali zinthu ziwiri pa makinawa zimene anthu osazidziwa amaziyesa zolakwika n'kuyamba kuzikonza, ndipo m'pamene pamachokera ngozi. Choyamba ndi mchira, chitsulo cha kumbuyo chimene chimalozetsa mapiko kumphepo. Mphepo ikakula kwambiri, mapiko amapatuka okha n'kuyang'ana cham'mbali, ndipo wosadziwa amati pampu ikuchita ulesi nthawi imene ikanapopa madzi ambiri. Nzeru yoti makina azidziteteza okha ku mphepo yamphamvu ndi yakale, inayamba ndi Daniel Halladay wa ku America mu 1854, ndipo chifukwa chake n'chakuti liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kasanu ndi katatu. Palibe magiya kapena nsanja zimene zingapirire mphamvu yotere zitayang'anizana nayo maso ndi maso. Chachiwiri ndi ndodo yamtengo imene imalumikiza makina a pamwamba ndi ndodo zachitsulo zolowa m'chitsime. Inaikidwa yamtengo mwadala, kuti china chikagwira pansi, ndodoyo ithyoke m'malo mwa magiya. Ikathyoka, funso loyenera ndi lakuti chagwira n'chiyani, osati tipeze chiyani cholimba kuposa mtengo.

Pali famu ina kupitirira Ekwendeni imene sindiiwala. Inali ndi ng'ombe zopitirira 100 ndi pampu imodzi yokha. Mnyamata woweta ng'ombe pamenepo ndiye anayamba kumva kugogoda, nauza kapitawo, ndipo ine ndinaitanidwa mu Meyi. Ndinapeza ndodo yamtengo itang'aluka, silinda itadzaza mchenga, oyilo ali mbuu. Ndinalemba zofunika ndi mtengo wake, koma mwini famu, amene amakhala m'tauni, anandiyankha pa foni kuti, "Amisiri, dikirani kaye tigulitse fodya." Patapita masabata awiri kapitawo anabweretsa munthu wowotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, amene anachotsa ndodo yamtengo ija n'kuwotchererapo chitsulo chomangira nyumba, ndipo poona kuti mapiko amapatuka mphepo ikakula, anamanga mchira ndi waya kuti usamapinde. Analipidwa, nayamikiridwa kuti ndi wotchipa komanso wachangu.

Mu Juni ndinadutsa pamsewu wa pafupi ndi famuyo ndikupita kuntchito ina, ndipo ndinaona ndi maso angawa kuti mphepo ikuwomba mwamphamvu koma mapiko ali chiyang'anire kumphepo, akuthamanga mopitirira muyezo. Ndinadziwa kuti wina wamanga mchira. Sindinaime. Ndinali nditakhumudwa kuti ntchito anapatsa wina, ndipo mumtima ndinati adzandifuna okha. Mu Julayi mwera utafika pachimake, usiku wina pulanja, chitsulo chonyamula zikopa chimene chimakwera ndi kutsika ndi ndodo, inagwira mu silinda, ndipo popeza panalibenso chothyoka, mphamvu yonse inabwerera m'magiya. Phokoso lake linadzutsa mnyamata uja, amene anathamanga kukakoka chogwirira cha buleki pansi pa nsanja, koma chinakana chifukwa cha waya uja. Kutangoyamba kucha anakwera ndi pulayala kuti akadule wayayo. Atangodula, mutu wonse wa makina unatembenuka, mchira unamukankha, nagwa kuchokera pa thandala la pamwamba. Anapulumuka, koma anathyoka m'chiuno, ndipo mpaka lero amayenda ndi ndodo. Nditapita kukamuona kuchipatala anandiuza kuti, "Bambo, ine ndimangofuna kuti isaphwasuke." Ndikanaima tsiku lija la mu Juni, ntchito yomasula wayayo mphepo itadekha sikanatenga ngakhale theka la ola.

Choncho ndikunena mosapita m'mbali kuti munthu asakwere nsanja mphepo ikuwomba, asakwere yekha popanda wina pansi, ndipo asakwere buleki isanakokedwe n'kumangidwa. Akafika pamwamba, choyamba ndi kudzimangirira lamba kapena chingwe cholimba ku nsanja, chachiwiri ndi kumangirira mapiko ku nsanja kuti asasunthe, popeza buleki yokha siyodalirika. Buleki ikakana kugwira mphepo ili pakati, chokani pamenepo, chotsaninso ng'ombe, ndipo makinawo muwasiye aonongeke ngati aonongeke.

Za amisiri oyendayenda ndinenepo ndithu. Sindikunyoza owotcherera, ndipo amakaniko a mijigo ya Afridev amene ali m'midzi yathu amaidziwa bwino ntchito yawo. Koma mjigo wopopa ndi manja uli ndi mapaipi apulasitiki ndi timalabala, pamene pampu ya mphepo ili ndi mapaipi achitsulo olemera kwambiri, amene akapulumuka m'manja pozula amagwera pansi pa chitsime, ndipo kuwavuula kwake kumaposa mtengo wa ntchito yonse. Ndaonapo munthu atadula zikopa za silinda kuchokera ku lamba wa thalauza ndi ku tayala la galimoto. Zimapopa masiku atatu, kenaka zimafufuma n'kugwira. Musanalole munthu kukhudza pampu yanu, mufunseni chifukwa chake ndodo ya pamwamba ili yamtengo, mufunseni oyilo amene adzathire, ndipo muone ngati wabwera ndi zomangira mapaipi, tcheni chokwezera ndi lamba wodzitetezera. Akayankha kuti zonsezo n'zachikale, mpatseni ndalama ya basi abwerere. Mufunsenso ngati silinda yanu ili ya mtundu wotseguka pamwamba, umene zikopa zake zimatuluka pongozula ndodo, chifukwa alipo ena amene amalipiritsa ntchito yozula mapaipi onse pamene sipafunika kutero.

Kuchedwa ndiko kumapha ng'ombe. Ng'ombe yaikulu imamwa malita pakati pa 30 ndi 50 patsiku nyengo yotentha, ndipo yoyamwitsa kapena yamkaka imaposa pamenepo. Khola la ng'ombe 100 likufuna malita osachepera 3,000 tsiku lililonse, ndipo popeza mphepo imatha kudekha masiku angapo motsatizana, thanki iyenera kusunga madzi a masiku atatu kapena kuposerapo. Thanki yodontha, kapena chomwera chosefukira chifukwa mpira wotsekera madzi unaboka, zimataya madzi amene akanakupulumutsani sabata imene pampu yaima. Mu Okutobala ndi Novembala madzi a pansi amatsika, ndipo silinda ikayamba kukoka mpweya mumamva kulira kwa phwee pa paipi ndi madzi otuluka modukizaduka. Pamenepo imitsani pampu maola ena kuti chitsime chibwerere, chifukwa zikopa zopopa pouma zimatha m'masiku owerengeka, ndipo mvula isanagwe muitane mmisiri aone ngati silinda ingatsitsidweko.

Ku famu ija, magiya atsopano anayenera kuitanitsidwa kuchokera ku South Africa, ndipo anafika patatha miyezi itatu. Nthawi yonseyo ng'ombe zinkayenda mtunda wautali kukamwa ku dambo limodzi ndi za m'midzi, kumene zinatenga nkhupakupa ndi nyongolotsi za m'chiwindi, ndipo ana a ng'ombe angapo sanafike nyengo ya mvula. Ena amandiuza kuti yankho ndi kugwetsa nsanja n'kuika pampu ya sola. Sola ndi yabwino ndipo inenso ndimaika, koma pa famu yakutali mapanelo amafuna mlonda, ndipo mu Juni ndi Julayi, pamene mitambo imaphimba Mzuzu tsiku lonse, ndi nthawi yomwe mwera uli pamphamvu. Kumene kuli chitsime chokwanira ndimalangiza kuti zonse ziwiri zizithira mu thanki imodzi. Ndipo kaya mwasankha ziti, m'sitolo ya pa famu muzikhala zikopa ziwiri za saizi ya silinda yanu, valavu imodzi, ndodo yamtengo yosema kale ndi chigubu cha oyilo woyenera, chifukwa zinthu zimenezi sizipezeka m'mashopu a hadiweya a m'tauni muno tsiku limene mwazifuna.