David Rubadiri: kazembe amene anakana kulankhulira Kamuzu

Pa 15 September 2018, Pulofesa David Rubadiri anamwalira kuno ku Mzuzu ali ndi zaka 88. Tsikuli likamakumbukiridwa ambiri amatchula ndakatulo zawo, koma chimene chinakhotetsa moyo wawo ndi miyezi yochepa ya pakati pa 1964 ndi 1965.

Anabadwira ku Liuli, tsidya la nyanja ku Tanganyika, mu 1930. Anaphunzira ku yunivesite ya Makerere ku Uganda ndi ya Cambridge ku England, ndipo atsamunda anawatsekera mu 1959. Dziko litalandira ufulu pa 6 July 1964, iwo ndiwo anakhala kazembe woyamba wa Malawi ku America ndi ku United Nations.

Kazembe salankhula za m'mutu mwake. Malangizo amachokera kwa nduna yoona za kunja, ndipo nthawiyo nduna inali Kanyama Chiume wa ku Usisya. Patangotha miyezi iwiri, nduna zinasemphana ndi Dr Banda pa nkhani ya tiki (ndalama ya mapeni atatu) imene odwala ankalipitsidwa m'zipatala, kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa Amalawi, komanso ubale ndi Apwitikizi amene ankalamulira Mozambique. Pa 7 September Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo anachotsedwa. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Henry Chipembere anatula okha maudindo. Unduna wa za kunja Kamuzu anautenga yekha. Ndiye kuti pamene Malawi inkalowa mu United Nations pa 1 December, a Rubadiri ankayembekezeka kuikira kumbuyo boma limene anzawo olimbana nawo atsamunda ankalithawa.

Boma linkatcha ndunazo zigawenga, ndipo otsatira Kamuzu amati dziko losauka, lopanda doko, silikanatha kuyambana ndi Apwitikizi, eni njanji ya ku Beira. Mfundoyi si yopeputsa. Komabe sikufotokoza chifukwa chimene wotsutsa aliyense anayenera kuthawa kapena kumangidwa. Mu 1965 a Rubadiri anasiya ukazembe, podziwa kuti kwawo kwatsekeka.

Zotsatira zinali zaka za choko ndi bolodi: Makerere mpaka nkhanza za Idi Amin zitawasamutsanso, kenako Nairobi, kenako Botswana. Boma la Bakili Muluzi linawabwezera ku United Nations mu 1997, patadutsa zaka 32, ndipo mu 2000 anakhala mkulu wa Yunivesite ya Malawi ali ndi zaka 70.