Voti ikatha, ntchito imapitirira pansi pa mtengo

Pa 15 Sepitembala chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira tsiku la demokalase. Bungwe la United Nations linakhazikitsa tsikuli mu 2007, ndipo mwambo woyamba unachitika mu 2008. Kuno kwathu demokalase tinaisankha tokha pa 14 Juni 1993, pamene anthu anavotera nyali (chizindikiro cha zipani zambiri) n'kusiya tambala wakuda (chizindikiro cha chipani chimodzi), kenaka chisankho cha zipani zambiri mu Meyi 1994.

Ine monga mlangizi wa zachitukuko kuno kuchigwa cha Shire, chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri timaganiza kuti udindo wathu umathera pa inki ya pachala. Sichoncho. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linabweretsa mphamvu ku makhonsolo, ndipo njira yake imayambira pakhomo panu. M'dera la gulupu aliyense mumayenera kukhala komiti ya chitukuko cha m'midzi, ya VDC. Zimene anthu agwirizana kumeneko zimapita ku ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu, kenaka ku khonsolo ya Chikwawa kapena Nsanje, kumene zimalowa m'ndondomeko ya chitukuko cha boma. Khansala wanu ndiye woyenera kuzilondola.

Kuno nkhani imeneyi ndi ya moyo ndi imfa. Madzi osefukira a mu 2015, namondwe Ana mu 2022, Freddy mu 2023: amene anagonapo m'kalasi ya sukulu ndi ana, mphasa itanyowa, ufa utapita ndi Shire, amadziwa bwino malo amene mtsinje umayambira kusefukira kuposa katswiri wochokera ku Lilongwe. Koma tsiku lokambirana za chipupa chotchinga madzi, mjigo, kapena malo osamukira kumtunda, pansi pa mtengo pamakhala anthu ochepa, ambiri mwa iwo abambo. Amayi amene amatunga madziwo ali kudimba. Achinyamata amafunsa kaye ngati pali alawansi. Mapeto ake mjigo umakakumbidwa pafupi ndi nyumba ya munthu wolankhula kwambiri.

Kufunsa si mwano. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020, choncho muli ndi ufulu wofunsa kuti ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu wanu, zabwera zingati, mlatho akumanga ndani, ndipo utha liti. Anyakwawa akaitana msonkhano wa VDC, pitani, ndipo muuze alembi alembe dandaulo lanu m'buku, chifukwa chimene sichinalembedwe sichifika ku ADC.