Ubongo umamva zomwe ukuyembekezera

Munthu akabwera kuchipatala thupi likutentha, timamubaya chala, ndipo pakapita mphindi zochepa timadziwa ngati ndi malungo. Koma akabwera akunena kuti akumva mawu a anthu omwe sakuoneka, palibe magazi oti tiyeze. Timadalira kufunsa, kumvetsera, ndi zomwe achibale atiuza. Mpata umenewu ndi womwe wakokera ofufuza ena ku masamu ndi kompyuta, kuti mwina apeze choyezera.

Maganizo awo ndi akuti ubongo sumangolandira zomwe maso ndi makutu abweretsa. Umalosera kaye, kenako n'kuyerekeza ulosiwo ndi zomwe zachitikadi. Mu 1997, Wolfram Schultz, Peter Dayan ndi Read Montague anafotokoza zimenezi kudzera mwa anyani. Nyani akamudonthezera madzi a zipatso m'kamwa asakuyembekezera, maselo a mu ubongo wake omwe amatulutsa dopamine, mankhwala achilengedwe otumiza uthenga mu ubongo, amachangamuka kwambiri. Akazolowera kuti nyali ikayaka madzi abwera, maselowo amachangamuka pa nyali, pa madzipo ayi. Nyali ikayaka koma madzi osabwera, maselo amazizira pa nthawi yeniyeni yomwe madzi akanafika. Choncho dopamine sikuyeza kukoma. Ikuyeza kusiyana kwa chomwe unkayembekezera ndi chomwe wapeza, ndipo kusiyana kotere kumatheka kukulemba m'masamu.

Nanga izi zikukhudzana bwanji ndi kumva mawu? Tonse tinamvapo foni ikunjenjemera m'thumba chikhalirecho ili pa tebulo. Mayi wa khanda amadzidzimuka usiku kuti mwana walira, mwanayo ali m'tulo. Apa chiyembekezo chagonjetsa khutu.

Mu 2017, Albert Powers, Christoph Mathys ndi Philip Corlett anayesa zimenezi ku yunivesite ya Yale. Anthu ankaonetsedwa chithunzi cha mabokosi akuda ndi oyera, chonga bolodi la drafuti, limodzi ndi kaphokoso kotsika m'makutu. Atazolowera, kaphokoso kaja kanayamba kuchepetsedwa, nthawi zina kuchotsedweratu, chithunzi chikuonekabe. Anthu omwe amamva mawu pa moyo wawo ndi omwe ankanena kawirikawiri kuti akamva kaphokosoko pomwe kunalibe.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi gulu limodzi lomwe analiitana: anthu omwe amamva mawu koma sadwala, ambiri a iwo amadzitcha olosera zam'tsogolo, ndipo amagwira ntchito zawo bwinobwino. Mayankho onse atalowetsedwa mu pulogalamu yotsanzira kaphunziridwe ka ubongo, zinaoneka kuti onse omva mawu, odwala ndi osadwala omwe, amapereka mphamvu yochuluka ku zomwe akuyembekezera. Kusiyana kunali pena. Odwala ankachedwa kuzindikira kuti zinthu zasintha, kuti chithunzi ndi phokoso sizikuyenderanso limodzi. Kwa ife ogwira ntchito ndi odwala, iyi ndi mfundo yaikulu: kumva mawu pakokha sikutanthauza misala. Vuto limakula pamene ubongo ukukanika kusiya chikhulupiriro chomwe umboni wachikana kale.

Pali njira ina yomwe imamveka kwambiri m'nyuzipepala: kupatsa kompyuta zithunzi za ubongo kapena mafaelo a odwala masauzande kuti ipeze yokha amene achire ndi mankhwala ati. Apa ndimapempha kuti tiziyenda pang'onopang'ono. Mu 2022, gulu la Scott Marek linaonetsa kuti pofuna kulumikiza zithunzi za ubongo zojambulidwa ndi makina a MRI ndi khalidwe la munthu modalirika pamafunika anthu masauzande, pomwe kafukufuku wambiri wa mtunduwu ankachitika ndi anthu pafupifupi 25. Mu 2024, Adam Chekroud ndi anzake anatenga zotsatira za akafukufuku asanu a mankhwala a schizophrenia, matenda a maganizo omwe nthawi zambiri amachititsa munthu kumva mawu kapena kukhulupirira zinthu zomwe kulibe. Kompyuta inkalosera bwino za odwala a m'kafukufuku yemwe inaphunzirirapo, koma itapatsidwa odwala a kafukufuku wina, inkangokhala ngati ikuponya ndalama m'mwamba.

Ngati pulogalamu ikusokonezeka pongoisamutsa kuchoka pa gulu lina la odwala kupita pa lina, kuli bwanji kuichotsa ku London kapena ku New Haven, komwe kuli Yale, n'kuibweretsa ku chipatala cha Zomba Mental? Wodwala wathu sanena kuti ali ndi depression, matenda a kukhumudwa kwambiri. Amati akuganiza kwambiri, mtima ukuthamanga, mutu ukutentha pakati. Mawu amenewa mulibe m'mafaelo omwe makompyutawo aphunzitsidwa nawo, ndipo wina akadzabwera kudzatsatsa pulogalamu yoti imazindikira matenda a maganizo pa foni, funso langa loyamba lidzakhala lakuti anaiyesa pa anthu angati olankhula Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao.