Mkonono wodukizadukiza umasokoneza kagundidwe ka mtima

Wodwala akamadandaula kuti mtima ukugunda mosalongosoka, pali funso lomwe ndimafunsa amene amagona naye, osati mwini wakeyo: kodi poliza mkonono amafika pongoti zii, kenako n'kudzambatuka ngati wotsamwa?

Vutoli madokotala timalitcha sleep apnea. Munthu akagona, minofu ya kukhosi imalefuka, lilime limagwera kumbuyo, njira ya mpweya n'kutsekeka kwa masekondi 10 kapena kuposerapo. Ena zimawachitikira maulendo oposa 30 pa ola limodzi, koma m'mawa amangodziwa zoti mutu ukuwawa ndipo tulo sitinawakwane.

Chovulala kwambiri ndi mtima. Mpweya ukatsekeka, okosijeni imatsika m'magazi ndipo mtima umayamba kugunda pang'onopang'ono. Chifuwa chimalimbikirabe kukoka mpweya pakhosi potseka, ndipo kukoka kumeneku kumatamula zipinda zakumtunda za mtima, zomwe khungu lake ndi lopyapyala. Kenako ubongo umadzidzimutsa thupi, BP imakwera mwadzidzidzi, mtima n'kuyamba kuthamanga. Zikamachitika usiku uliwonse kwa zaka, zipindazo zimafutukuka n'kuchita zipsera, ndipo mphamvu yoyendetsa kagundidwe imasochera. Mapeto ake ndi atrial fibrillation: zipinda zija zimangonjenjemera m'malo mofinya magazi. Magazi odekha amaundana, ndipo kachibulumwa kakafika ku ubongo ndiye sitiroko. Kagundidwe kotere kamachulukitsa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu.

Mu 2003 madokotala a ku Mayo Clinic ku America adatsatira odwala atrial fibrillation omwe kagundidwe ka mtima wawo kadabwezeretsedwa m'chimake. Pakutha chaka, vuto lidabwereranso kwa 82 mwa 100 aliwonse amene kubanika kwawo sikudathandizidwe, pomwe mwa othandizidwa lidabwerera kwa 42. Anali anthu ochepa, koma uthengawo ndimauona wamphamvu: kupereka mankhwala a mtima osayang'ana tulo n'kutunga madzi ndi dengu.

Chithandizo chodziwika ndi makina a CPAP, omwe Colin Sullivan adawayambitsa ku Sydney mu 1981. Amapopera mpweya m'mphuno kuti khosi lisatsekeke. Si mankhwala amatsenga ayi. Kafukufuku wamkulu wa SAVE mu 2016 sadapeze kuti amachepetsa sitiroko kapena imfa, ngakhale odwalawo ankawavala maola ongopitirira pang'ono atatu pa usiku. Ndi odulanso, ndipo amafuna magetsi osazimazima.

Komabe zochita zilipo. Kuchepetsa thupi kumathandiza kwambiri khosi ndi mtima womwe. Mowa wamadzulo ndi mapiritsi ogonetsa zimalefula khosi, kugona chagada kumawonjezera vuto, ndiye gonani chammbali. Ngati BP yanu ikukana kutsika ngakhale mukumwa mankhwala a mitundu itatu, kapena mtima umakudzutsani usiku, pemphani mnzanu akujambuleni pa foni muli m'tulo, mukawaonetse adokotala ndi kupempha kuti akuyezeni ECG, yomwe imaonetsa mmene mtima ukugundira.