Musanagule mahedifoni odula, yambani mwafufuza laputopu yanu

"Ndigule mahedifoni ati kuti nyimbo zizimveka bwino pa laputopu?" Funso limeneli ndimalimva pafupipafupi muno mu Lilongwe, popeza ntchito yanga ndi yojambula ndi kusakaniza mawu m'situdiyo. Ofunsawo amayembekezera kuti nditchula dzina la kampani, koma nthawi zambiri vuto silikhala mahedifoni. Mawu asanafike m'khutu amadutsa malo angapo, ndipo ambiri mwa malowa mutha kuwakonza osatulutsa ngakhale tambala.

Yambani ndi nyimbo yeniyeniyo. Zambiri zimene anyamata oika nyimbo amatiikira m'mafulashi, ndi zimene timatumizirana m'magulu a WhatsApp, ndi ma MP3 ofinyidwa kwambiri. Pofinya fayilo kuti ichepe, kompyuta imataya mbali ina ya mawu, makamaka aja opyapyala ngati a chisekese. Dinani fayiloyo ndi batani lakumanja la mausi, pitani pa Properties, kenako pa Details, muone nambala ya bit rate, imene imasonyeza kuchuluka kwa deta pa sekondi iliyonse ya nyimbo. Ikakhala 128 kbps kapena kucheperapo, musadabwe kuti nyimbo ikumveka ngati yophimbidwa. Ya 256 kapena 320 kbps ndiyokwanira kwa khutu la munthu aliyense. Kusandutsa fayilo ya 128 kuti ikhale 320 n'kudzivuta chabe, chifukwa zimene zinatayika sizibwereranso. Komanso mahedifoni abwino sabisa fayilo yoipa, amachita kuiulula.

Mu Windows, lowani pa Sound, sankhani mahedifoni anu, muzimitse zotchedwa audio enhancements. M'mahedifoni zokometsera zimenezi zimatha kungotupitsa besi n'kumiza mawu a woimba. Nambala za 16 bit ndi 44100 Hz zimene mungaone pomwepo ndi mlingo wa CD, zisiyeni choncho kapena pa 48000 Hz, kukwera kuposa apo simumva kusintha. Pa pulogalamu yoseweretsera nyimbo ya VLC musapitirire 100 pa voliyumu, mawu amasweka.

Tsono nkhani yaikulu ndi phokoso. Valani mahedifoni, musaike nyimbo iliyonse, mumvetsere. Mukamva kulira kwa "zzzz" kapena "hmmm", zulani chaja kuti laputopu iyendere batire. Phokoso likatha, mwamupeza wakuba. Malaputopu ambiri amene timagula ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo chaja chimene amabwera nacho nthawi zina si chake chenicheni. Chaja chotchipa sichisefa bwino magetsi, ndiye litsiro lamagetsilo limalowa mpaka m'mawu. Zimanyanya magetsi akazima, mukalumikiza ku jenereta kapena ku inveta yotchipa. Soketi yopanda waya wopita pansi nayonso imabweretsa vuto lomweli. Yesani soketi ina, pezani chaja chenicheni cha laputopu yanuyo, apo ayi muzimvera nyimbo pa batire. Chimodzi chokha musayese: kuthyola phini yachitatu ya pulagi. Ena amalangiza zimenezi, koma phini imeneyo ndi imene imakutetezani kuti magetsi asakugwireni.

Phokoso lina silichoka ngakhale mutazula chaja. Limamveka ngati kusosola, ndipo limasintha mukasuntha mausi kapena kompyuta ikatanganidwa. Limeneli ndi la m'kati. Kachipangizo kosandutsa manambala a kompyuta kukhala mawu, kotchedwa DAC, kamene m'malaputopu ambiri ndi ka Realtek, kamakhala mothithikana ndi zida zina pa bolodi imodzi, ndiye kamatola phokoso la anzake. Apa ndi pamene ndalama yoyamba iyenera kupita, ndipo ndi yochepa. Gulani kachingwe kakafupi kamene mbali ina ndi USB-C, mbali ina ndi bowo la 3.5 mm. M'kati mwake muli DAC yakeyake, choncho mawu amapangidwira kunja kwa laputopu. Ka Apple, kamene ku America kamagulitsidwa madola 9, kamagwiranso ntchito pa Windows, ndipo kamatulutsa mawu oyera kuposa bowo la malaputopu ambiri otchipa.

Chenjerani pogula. Timazingwe tina tooneka chimodzimodzi tilibe DAC, anatipangira mafoni ena amene amatulutsa okha mawu kudzera pa USB-C, ndipo pa laputopu timangoti zii. Ine ndimauza anthu kuti anyamule laputopu popita kukagula, kaya ndi m'mashopu a ku Old Town kaya ku Gateway Mall. Lumikizani pomwepo. Ngati Windows yaonetsa chipangizo chatsopano cha mawu, kachingweko n'kabwino. Wogulitsa akakana kuti muyese, pitani kwina. Ngati laputopu yanu ilibe USB-C, pali kolumikizira kakang'ono kokalowetsa pa USB wamba.

Yang'ananinso nsonga ya mahedifoni anu. Ikakhala ndi mizere iwiri, ndi omvera basi. Ikakhala ndi itatu, ali ndi maiki. Malaputopu akale okhala ndi mabowo awiri amafuna kachingwe kogawa kuti mahedifoni a mizere itatu agwire bwino. Mukamva zoimbira zokha koma mawu a woimba ali kutali, n'kubwerera mukadina batani la maiki, ndiye kuti mawaya a nsongayo anasanjidwa mwa mtundu wina (OMTP) wosiyana ndi wa bowo lanu (CTIA), kapena nsongayo sikufika mpaka m'kati. Fumbi la mu Okutobala limadzaza bowolo. Zimitsani laputopu, mutokose pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano.

Zonsezi zikakonzeka, m'pamene tingakambe zogula mahedifoni. Ndalama ikakhala yochepa, ndimasankha a waya. M'mahedifoni otchipa a Bluetooth, gawo lalikulu la mtengo limathera pa batire ndi zida zolumikizira, zotulutsa mawu n'kutsala ndi nyenyeswa. Amene muli nawo kale a Bluetooth mwina mwaonapo kuti mawu amaphwa mukangolowa msonkhano wa pa Zoom kapena Teams. Sanawonongeke ayi. Maiki yake ikayaka, Bluetooth imasinthira ku njira yoimbira foni, imene mawu ake ndi opanikizika. Sankhani maiki ya laputopu, mahedifoni akhale omvera okha.

Pa bokosi werengani nambala ya ma ohm, imene ikakwera, mahedifoni nthawi zambiri amafuna mphamvu yambiri kuti alire. A 16 mpaka 32 laputopu iliyonse imawakwanitsa. Koma mukatola pa kaunjika Beyerdynamic DT 770 Pro ya 250 ohm kapena Sennheiser HD 600, imene ndi ya 300 ohm, mwatola chinthu chabwino chimene laputopu yotchipa ingalephere kuchikankha: mawu amakhala otsika ndi ofooka mpaka mutagula ampu, kachipangizo kowonjezera mphamvu ya mawu.

Timahedifoni tolowa m'khutu timabwera ndi timphira tosiyana kukula, ndipo anthu ambiri amatitayira limodzi ndi bokosi. Besi yonse imadalira kuti kamphirako katseke khutu bwinobwino, choncho yesani tonse, khutu lililonse palokha, chifukwa makutu awiri a munthu safanana nthawi zonse. Kutseka bwino kumachepetsanso phokoso la panja, ndiye simukakamizika kukweza voliyumu. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu asapitirire maola 40 pa sabata akumvera mawu okwera pa mlingo wa 80 dB (dB ndi muyeso wa kukwera kwa mawu). Mukavula mahedifoni m'makutu n'kumalira, tsitsani voliyumu, ndipo kulirako kukapitirira masiku angapo kaonaneni ndi achipatala.