Asilikali Alipo, Koma Ndani Akulipira Mafuta a Ndege?

Mu 2013, asilikali a South Africa, Tanzania ndi Malawi adalowa kummawa kwa Congo pansi pa mbendera ya United Nations, ndipo pofika Novembala gulu la zigawenga la M23 lidabalalika. Mu Disembala 2023 mayiko atatu omwewo adabwereranso kukalimbana ndi M23 yomweyo, ulendo uno pansi pa SADC. Mzinda wa Goma udagwa m'manja mwa M23 mu Januwale 2025, ndipo mu Malichi SADC idathetsa ntchitoyo.

Kodi asilikaliwo adafooka? Sindikuona choncho. N'zoona kuti M23 idabwera ndi mphamvu zina, mothandizidwa ndi Rwanda monga akatswiri a UN adanenera. Koma chachikulu n'chakuti wolipira adasintha. Msilikali amene ali kutali ndi kwawo amafunika chakudya, zipolopolo, mankhwala, ndi helikopita yomunyamula akavulala usiku. Mu 2013 UN ndiyo inkasenza zambiri mwa izi. Mu 2023 mayiko a SADC adayenera kupisa m'matumba mwawo, matumba omwewo amene akulipira aphunzitsi ndi ngongole zakunja.

Vutoli si la SADC yokha. Ku Somalia, asilikali a African Union (AU) adayamba ntchito mu 2007, koma alawansi yawo inkachokera ku European Union. N'chifukwa chake mu Disembala 2023 Security Council, nthambi ya UN yoona za chitetezo, idavomereza kuti UN izitha kulipira mpaka 75 peresenti ya ndalama za ntchito zina za AU. Komatu mwini ndalama amakhalanso ndi mawu pa nthawi yochoka.

Chachiwiri ndi kumvana. Mu Januwale 2017 ECOWAS, bungwe la mayiko a kumadzulo kwa Africa, idalankhula mawu amodzi, asilikali a Senegal adawoloka malire kulowa mu Gambia, ndipo Yahya Jammeh, pulezidenti amene ankakana kutula pansi udindo atagonja pa chisankho, adachoka m'dzikomo popanda nkhondo yeniyeni. Mu 2023 bungwe lomwelo lidaopseza asilikali amene adalanda boma ku Niger, koma Mali ndi Burkina Faso adaima mbali ya Niger. Palibe msilikali adapita, ndipo atatuwa adatuluka mu ECOWAS mu Januwale 2025.

Mgwirizano umene ndimaukhulupirira kwambiri ndi umene sumveka pa wailesi. Kuyambira 1995, apolisi a South Africa ndi Mozambique adayendera limodzi m'tchire la Mozambique pa Operation Rachel, kufukula mfuti zimene zidakwiriridwa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni n'kuziphwanya pomwepo. A ku Mozambique ankadziwa anthu ndi malo, a ku South Africa ankabweretsa zida ndi galimoto, ndipo mfuti zikwizikwi sizidafikenso m'manja mwa achifwamba ku Johannesburg.