Matailosi okana kubwereza: kuchokera kwa Hao Wang mpaka ku ma group

Nkhaniyi idayamba ngati funso la makina owerengera. Mu 1961, Hao Wang, katswiri wa masamu wobadwira ku China, adalingalira za matailosi a makona anayi okhala ndi mtundu pambali iliyonse. Lamulo lidali lakuti mbali zogundana zifanane mtundu, ndipo tailosi osaitembenuza. Adafunsa ngati pali njira imene makina angatsate n'kudziwa ngati mulu wa matailosi ungayalidwe pansi popanda malire. Adaona kuti njirayo ilipo ngati mulu uliwonse wotha kuyalika ungayalidwenso mobwerezabwereza, monga maluwa a pachitenje, ndipo ankakhulupirira kuti ndi mmene zilili.

Wophunzira wake yemwe ku Harvard, Robert Berger, ndiye adagwetsa chikhulupirirocho. M'ntchito yosindikizidwa mu 1966 adaonetsa matailosi 20,426 amene amayalika bwinobwino, koma chithunzi chake ungachisunthe chotani, sichigwerananso ndi pomwe chidali. Kenaka udabuka mpikisano wochepetsa chiwerengero, polola matailosi a maonekedwe ena komanso otha kutembenuzidwa. Raphael Robinson adafika pa 6 mu 1971, Roger Penrose pa 2, ndipo mu 2023 David Smith wa ku England ndi anzake atatu adalengeza tailosi imodzi yokha yooneka ngati chipewa.

Chipewacho chidatchuka kwambiri, komabe kwa ine nkhani yokoma kuposa ili kwina. Tayesani kuyala matailosi a Wang pamzere umodzi wowongoka. Popeza mitundu ya matailosi ndi yowerengeka, posakhalitsa imodzi idzabweranso, ndipo chidutswa chapakatipo mutha kuchibwereza mpaka muyaya. Pamzere, kubwereza sikuthawika. Pabwalo lathyathyathya Berger adakuthawa. Ndiye kuti chimene chikulamula ndi maonekedwe a malo oyalapowo.

Apa ndi pomwe akatswiri a geometric group theory, nthambi ya masamu yoona maonekedwe a ma group, adalowerera. Group ndi mulu wa masunthidwe amene ungawaphatikize kapena kuwabweza, monga kusuntha pamzere kapena pabwalo. Iwo amajambula group ngati timadontho tolumikizidwa ndi timizere, n'kumaiyang'ana ali patali. Mzere uli ndi mathero awiri, uku ndi uku. Bwalo lili ndi amodzi okha, chifukwa ukachotsa kachigamba pakati, zotsalazo zimalumikizanabe. Mtengo wa nthambi zosatha uli ndi mathero osawerengeka. Mu 2017 David Bruce Cohen adatsimikiza kuti group ya mathero awiri kapena kuposerapo singakhale ndi malamulo owerengeka oyalira matailosi pamadontho ake oletseratu kubwereza kulikonse. Pambuyo pake Cohen, Chaim Goodman-Strauss ndi Yo'av Rieck adaonetsa kuti pa ma hyperbolic group, amene timizere tawo timatambasuka mofananako ndi nthambi za mtengo, mathero amodzi ndi okwanira kuti malamulo otere apezeke. Goodman-Strauss ameneyu ndi mmodzi wa anayi a chipewa aja.

Kupaka mitundu popanda malamulo owerengeka n'kosavutirapo. Su Gao, Steve Jackson ndi Brandon Seward adaonetsa kuti mitundu iwiri yokha ndi yokwanira kupaka group iliyonse yosatha, imene madontho ake angathe kuikidwa pamndandanda, mwa njira yosabwereza konse. Chovuta ndi kuti tailosi iliyonse izingoona zoyandikana nazo, koma malo onse n'kukana kubwereza.

Funso la makina la Wang silidachoke. Emmanuel Jeandel adapeza kuti pa ma group ambiri, malamulo otere akakhalapo, ndiye kuti kompyuta ingathe kuzindikira ngati njira ziwiri zoyenda m'timizere tija zikukafika padontho limodzi.